Kamkombero ka chipolopolo kali ndi ntchito pa mfuti yothyola pakati

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa malangizo amene anatuluka m'nyuzipepala yanu masiku apitawa okhudza mfuti zosakira nyama. Amene analembawo anauza wachinyamata wina, yemwe akufuna kugula mfuti yothyola pakati (ija yotseguka pa hinjesi poikamo zipolopolo) ya mipope iwiri, wina wa shotigani wina wa raifo, kuti asadzivute n'kuganiza, angotenga ya .308 Winchester kapena .30-06, chifukwa zipolopolo zake zimapezeka paliponse ndipo zija zamkombero n'zachikale. Pa za kupezeka kwa zipolopolo sananame. Koma mawu oti asadzivute n'kuganiza ndi amene andigwiritsa cholembera. Ine mfuti yotereyo ndili nayo, mpope wa shotigani wa saizi 12 pamwamba ndi wa raifo wa .308 pansi, ndayenda nayo zaka 19, ndimaikonda, ndipo tsiku lina inandisiya manja ali m'khosi nyama yovulala ikulowa m'ziyangoyango.

Ndiyambe ndafotokoza kanthu kamene tikukanganiraka, chifukwa owerenga ambiri sanakayang'anitsitsepo. Tengani chipolopolo cha shotigani, muyang'ane kumatako kwake. Muona kuti m'mphepete muli kamlomo kotuluka kunja kozungulira konse. Ndiwo mkombero. Zipolopolo za raifo zakale zinali choncho nazonso: .45-70 ya 1873, .303 British, .30-30 Winchester ya 1895. M'zaka zomwezo kunabwera mfuti za asilikali za bolt (chitsulo chokoka ndi kukankha ndi dzanja polowetsa ndi potulutsa chipolopolo) zokhala ndi magazini, kabokosi kosungiramo zipolopolo zingapo, ndipo m'magazini mikombero imakolana, cha pamwamba kugwirana ndi cha pansi. Ndiye amisiri anauchotsa mkomberowo, n'kukumba kangalande kozungulira pafupi ndi matako a chigoba kuti mbedza ya bolt izikola m'menemo. 7x57 ya Mauser ya 1892 ndi yotero, .30-06 ya 1906 ndi yotero, .308 ya 1952 chimodzimodzi. Mkombero sunachotsedwe chifukwa unali woipa. Unachotsedwa chifukwa unkasokoneza m'magazini. Mfuti yothyola pakati ilibe magazini. Chomwe anauthamangitsira kulibe kuno, koma ntchito yake idakalipo.

Ntchito zake ndi ziwiri. Yoyamba, mkombero ndi umene umaimitsa chipolopolo kuti chisalowe kwambiri m'kachipinda kake, pomwe chimagona kumbuyo kwa mpope. Chikangolowa, mkombero umakhala pa kabedi kake, basi, kaya phewa la chigoba, pomwe chimayambira kuonda kutsogolo, ndi lalifupi pang'ono kaya ayi. Yachiwiri, ndi pamene chokokera chimagwira. Mukathyola mfuti, kachitsulo kolimba kamatuluka kumbuyo kwa mpope kakukankha mkombero, chigoba n'kudzuka mokwanira kuti muchigwire ndi zala. Kachitsuloko ndi kamodzi kathunthu, kalibe mbali yogwedera, ndipo kamakumbatira gawo lalikulu la mkombero. Pa chipolopolo cha 7x65R mkombero ndi wa mamilimita 13.5 pamene thupi la chigoba silifika 12. Kusiyanako n'kochepa m'maso, koma ngakhale chikhadabo chimapeza pogwira.

Pa chipolopolo chopanda mkombero zonse ziwirizi zimasintha. Chimaima pa phewa, kutsogolo, m'kati mwa mpope momwe simukuona. Ndipo matako ake ndi ofanana ndi thupi, choncho chokokera chathunthu chija chilibe pokankha. Amisiri anapeza nzeru: m'chokokera amabowolamo kamalo, n'kuikamo kadzino kakang'ono kokhala ndi kasipuling'i kumbuyo. Polowetsa chipolopolo kadzinoko kamabwerera m'kati kuti thupi lidutse, kenaka kamadumphira m'kangalande. Mukamvetsera mumamva kakuti "ke". Pothyola mfuti, chigoba chonse chimadzutsidwa ndi kadzino kameneko, kochepa ngati njere ya mpunga, kodalira kasipuling'i koonda ngati ka m'bolopeni. Ndi nzeru yabwino ndipo imagwira ntchito. Makampani odziwika akhala akupanga mfuti zotere kwa zaka zambiri: Savage Model 24 inkapezeka ya .222 Remington ndi .223, Valmet 412 ya ku Finland inali ndi mipope ya .308 ndi .30-06, ndipo Baikal, Blaser ndi ena amagulitsa zopanda mkombero. Sindikunena kuti anthu onsewa akugulitsa zinthu zosagwira. Ndikunena kuti mwa zitsulo zonse za pa mfutiyo, chofooka kwambiri ndi chimene chapatsidwa ntchito pa nthawi imene mlenje ali pa liwiro.

Zinandichitikira ndili ndi mfutiyi chaka chachisanu ndi chiwiri. Dzuwa linali litapendeka, kwatsala mwina theka la ola kuti kude. Nguluwe yaikulu inatuluka m'mphepete mwa thengo, mtunda wa mamita ngati 60. Ndinakhethemula mpope wa pansi. Inagwa, n'kudzukanso, miyendo yakumbuyo ikukwekwereza. Chipolopolo chinapita kumbuyo kwambiri, ndipo kulakwa kumeneko kunali kwa dzanja langa. Koma inali poyera, ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo ndinali ndi nthawi yokwanira yoimaliza. Ndinathyola mfuti. Chokokera chinatuluka bwinobwino, koma chopanda kanthu. Chigoba chinatsala m'kati, matako ake ali fulati ndi mpope, kadzino katalumpha pamwamba pa kangalande n'kusiya kachipsera kowala pa mkuwa. Ndinayesa ndi chikhadabo, palibe pogwira. Ndinatseka n'kuthyolanso, chimodzimodzi. Ndinatulutsa mpeni, nsonga yake ikungoterereka. Mu mpope wa pamwamba munali zomwaza za mbalame, zimene pa mtunda umenewo zikanangoiwonjezera mabala. Pamene ndinkapeza kamtengo kowongoka koti ndilowetse kutsogolo kwa mpope n'kugogoda chigobacho, nguluwe inali italowa kale, mdima nawo utagwa. Munthu wanzeru salondola nguluwe yovulala m'ziyangoyango usiku. Ndinaipeza m'mawa, itafa, mtunda wosakwana mamita 200 kuchokera pomwe ndinaiwombera. Pomwe inagona panali popalasidwapalasidwa. Sinafe msanga. Usiku umenewo sindinagone, ndipo mpaka lero ndikakumbuka dothi lopalasidwalo mtima umandiwawa, chifukwa mlenje amene wavulaza nyama ali ndi ngongole yoimaliza mwachangu, ndipo ine ndinalephera kubweza.

Ndinapita nayo kwa mmisiri wa mfuti, bambo wachikulire wosayankhula zambiri. Anachotsa chokokera, n'kutulutsa kadzino ndi kasipuling'i kake, n'kundiitana kuti ndione. Kumbuyo kwa kadzino kunali phala lakuda louma: mafuta amene ndinkathira mowolowa manja, fumbi, mwaye wa wonga ndi tizidutswa ta udzu. Kadzinoko kankatuluka theka lokha. Kenaka anaunika m'kachipinda ndi tochi, n'kundionetsa timadontho ta dzimbiri m'makoma. Anati, "Achimwene, mpope mumatsuka bwino, koma pogona chipolopolo simufikapo." Chigoba chikaphulika chimafufuma n'kukakamira ku makoma, ndipo makoma akakhala okhakhala chimagwira zolimba. Mfuti ya bolt ili ndi mphamvu yochizula, chifukwa mukatukula chogwirira chake chimapotokola chigoba n'kuchisuntha ndi mphamvu yochuluka musanayambe n'kukoka komwe, ndipo mbedza yake ndi yaikulu. Yothyola pakati ilibe zimenezo. Chigoba chikakana, chimene chimagonja ndi kadzino.

Ndiye wolakwa ndani? Kunena zoona, ndine. Koma taganizani: mfuti ya malemu bambo anga aang'ono, ya mipope itatu imene Ajeremani amati drilling, iwiri ya shotigani ya saizi 16 pamwamba ndi wa raifo wa 7x57R, chipolopolo chamkombero, pansi, inasamalidwa ndi manja omwewa, mafuta omwewa, ulesi womwewu wa kachipinda, ndipo sinasiyepo chigoba m'kati ngakhale kamodzi. Kulakwa kofanana, mfuti ina inakhululuka, ina sinakhululuke. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse ndi mnzathu wolemba uja.

Akuti zamkombero n'zachikale. Tiyeni tione mmene eni ake a mfuti zoterezi anachitira. Kwawo kwa mfuti zophatikiza mipope ndi ku Germany ndi Austria, m'matauni ngati Suhl ndi Ferlach, kumene mlenje amafuna mfuti imodzi yoti akakumana ndi mbalame awombe, akakumana ndi gwape awombe. Kumeneko pafupifupi chipolopolo chilichonse chotchuka cha mfuti ya bolt anachipangira mnzake wamkombero, wodziwika ndi chilembo R kumapeto. 7x57 ili ndi 7x57R. Wilhelm Brenneke atapanga 7x64 mu 1917 anatsatiza ndi 7x65R. 8x57 IS ili ndi 8x57 IRS. 9.3x62 ya Otto Bock ya 1905 ntchito yake pa mfuti zothyola imagwiridwa ndi 9.3x74R. Ku London, a Holland & Holland potulutsa .375 yawo mu 1912 anatulutsanso ina yamkombero, .375 Flanged Magnum, yopangira mfuti zothyola za mipope iwiri. Anthu amenewa ankadziwa kupanga kadzino, sichinali chinsinsi. Anasankha kupanga chipolopolo china chonse m'malo modalira kadzinoko. Ndipo si zakale zokha: mu 1991 kunatuluka .30R Blaser, chipolopolo chatsopano chamkombero, pa nthawi imene .308 ndi .30-06 zinali zitadzaza kale dziko lonse.

Pali chinanso chimene mnzathuyo sanatchule, chomwe ndi mphamvu ya kuphulika m'kati mwa mpope. Bungwe la C.I.P., limene limaika malire a zimenezi m'mayiko ambiri a ku Ulaya, limalola 7x64 kufika pa 4150 bar (muyezo wa mphamvuyo), koma 7x65R imalekezera pa 3800. 7x57 ndi 3900, pamene 7x57R ndi 3400. 9.3x62 ndi 3900, 9.3x74R ndi 3400. Mukuona kuti wamkombero aliyense anamutsitsa dala. .308 yanga ili pa 4150, .30-06 pa 4050. Chifukwa chake n'chakuti mfuti yothyola imatsekeka ndi hinjesi ndi timipiringidzo tapansi, ndipo kuphulika kulikonse kumayesa kuikanula. Zamakono zopangidwa ndi zitsulo zabwino zimapirira, anaziyesa ndipo zili ndi zidindo zake, sindikuopseza munthu kuti imuphulikira. Koma mphamvu ikachuluka chigoba chimakakamira kwambiri, ndipo zaka zikamapita kampata ka pakati pa mpope ndi nkhope ya mfuti kamakula msanga. Choncho chipolopolo chopanda mkombero chimabweretsa zovuta ziwiri pamodzi: chimakakamira kwambiri, komanso chokizula chake ndi chofooka. Kutentha kukawonjezerapo, makamaka zipolopolo zitakhala padzuwa m'galimoto, ndiye kuti mwasonkhanitsa zonse zofunika kuti chigoba chikane.

Wina anena kuti mukatsitsa mphamvu ndiye kuti nyama sigwa. Kusiyana kwa liwiro pakati pa 7x64 ndi 7x65R n'kochepa, ndipo pa mtunda umene munthu amawombera ndi mfuti yophatikiza palibe gwape amene angakuuzeni kuti chamulasa ndi chiti.

Tsopano ndivomereze zimene mnzathuyo ananena zoona, chifukwa n'zimene zinandigulitsa .308 ineyo. Mfuti yopanda zipolopolo ndi ndodo chabe. Drilling ya bambo aang'ono ija imatha miyezi ili m'kabati chifukwa 7x57R ndiyofunika kuitanitsa n'kudikira, ndipo ikafika si ya mtundu womwe ndinazolowera. Pa mfuti ya mipope yowotchereredwa pamodzi zimenezi n'zazikulu, popeza mmisiri anaiwongola ndi chipolopolo cha kulemera kumodzi, ndipo mukasintha chimagwera pena. .308 ndimaipeza mosavuta, ya kulemera komwe ndikufuna, ndipo ndimatha kuyeserera pafupipafupi. Mlenje woyeserera amalasa bwino kuposa wosunga zipolopolo khumi ngati mankhwala. Ndiye amene ali kutali ndi ogulitsa zamkombero, amene akusaka gwape ndi tinyama tina tosabwezera, amene ali kale ndi mfuti ya bolt ya .308 ndipo akufuna bokosi limodzi la zonse, ameneyo akatenga yopanda mkombero sanalakwe. Ine sindinagulitse yanga. Kuchokera tsiku lija papita zaka 12 ndipo sinandichitenso chipongwe. Koma sizinangochitika zokha.

Chimene ndinasintha ndi ichi. Kadzino sindikathiranso mafuta ambiri. Ndimakatsuka ndi kabulashi ndi mankhwala osungunula mwaye, n'kukadina ndi kamtengo kuti ndione ngati kakulowa ndi kutuluka momasuka, kenaka kadontho kamodzi kopepuka, n'kupukuta. M'kachipinda ndimatsuka ndi bulashi yakeyake, n'kusiya mouma ndisanapite kutchire, chifukwa mafuta m'menemo amachititsa chigoba kukankha kumbuyo ndi mphamvu yonse. Polowetsa chipolopolo ndimakankha mpaka ndimve kadzino kakola, sindichiponya n'kutseka mwaphuma. Pothyola ndimathyola kamodzi, motsimikiza, mpaka kumapeto. Zipolopolo za zigoba zachitsulo zopakidwa vanishi, ndi zotsala za asilikali, sindizilowetsa m'mfutiyi. Zachitsulo sizibwerera bwino zikafufuma, ndipo za asilikali zambiri zili ndi kabatani koyatsira kolimba, komwe nyundo ya mfuti yothyola nthawi zina imangokasiyira kachizindikiro osaphulitsa. Amene ali ndi .223 asamale kwambiri, chifukwa 5.56 ya asilikali imalowa bwinobwino koma m'kachipinda ka .223 mphamvu yake imatha kukwera kuposa muyezo.

Kwa odzaza okha zipolopolo, kumene malamulo amalola, ndili ndi mawu apadera. Popeza chopanda mkombero chimaima pa phewa, mukalibweza kwambiri phewalo pokonzanso chigoba, chipolopolo chimalowa mopitirira. Pamenepo chimatha osaphulika, kapena chimaphulika n'kutanuka, ndipo pakapita maulendo angapo chigoba chimaduka pafupi ndi matako. Matako amatuluka, thupi n'kutsala m'kati, ndipo tsiku lanu lathera pomwepo. Mukaona kamzere kowala kozungulira chigoba pamwamba pang'ono pa kangalande, chitayeni. Mukalisiyanso phewa lalitali, mfuti yothyola sitseka, kapena imatseka mosakwanira, ndipo ilibe mphamvu yofinyira ngati ya bolt.

Ndipo chonde, pasapezeke munthu woganiza kuti poti maina akufanana ndiye kuti akhoza kusinthanitsa. 7x57 wamba imalowa m'kachipinda ka 7x57R, koma mphamvu yake ndi yokwera kuposa imene mfuti ya 7x57R inapangidwira, ndipo chokokera chilibe pogwira. Pa ma drilling akale a 8x57 pali msampha wina woopsa kwambiri: ena ndi a 8x57 IR, a mpope wopapatiza wa mainchesi .318, pamene zipolopolo zambiri za masiku ano ndi za IRS, za .323. Chilembo S chimodzicho chikhoza kuwononga mfuti ndi nkhope ya munthu. Safunsa anadya phula. Mfuti yakale ipite kaye kwa mmisiri akayeze mpope.

Kumene sindingagonje ndi pa nyama zobwezera. Amene akufuna mfuti yothyola ya nguluwe zazikulu m'thengo lowirira, kapena ya nyama iliyonse imene ikavulala imatembenuka, atenge yamkombero ngakhale zipolopolo zake zivute kupeza. Kumeneko mumadzazanso mfuti maso ali pa nyama, zala zikunjenjemera, mwina zili ndi thukuta kapena zauma ndi chisanu. Chamkombero mumangochiponya, chimakhala chokha pamalo pake, ndipo 9.3x74R ndi thupi lake lalitali losongokera kutsogolo imaterereka polowa ndi potuluka pomwe. Chopanda mkombero chimafuna kuti muchikankhe, mumve kadzino, mutsimikize. Pabwalo loyeserera ndi sekondi imodzi yokha. Kutchire ine ndinaona kutalika kwa sekondi imeneyo.

Kwa wachinyamata amene anafunsa uja, ngati akuwerenga, ndinganene izi. Mwana wanga, funsani kaye ogulitsa amene mungawafikire kuti ndi ziti zamkombero zimene amasunga chaka chonse. Ngati ali ndi 7x65R, 8x57 IRS, kapena .30-30, tengani imeneyo ndipo mugule zipolopolo zokwanira za mtundu umodzi. Ngati alibe, tengani .308 yanu ndi mtima umodzi, koma musalipire musanachite izi. Pemphani zipolopolo zabodza zoyesera, zopanda wonga. Lowetsani, tsekani, thyolani, kokwana 20, mpope utaloza pansi, kenaka utaloza m'mwamba, pang'onopang'ono kenaka mwachangu. Chigoba chidzuke ulendo uliwonse, osaphonya n'kamodzi komwe. Yang'anani nsonga ya kadzino ngati ndi yakuthwa kapena yaperepeseka. Ngati mfutiyo ndi yogwiritsidwapo kale, unikani m'kachipinda ndi tochi, ndipo pemphani kuti muwombere katatu motsatizana muone ngati chachitatu, mpope utafunda, chikutuluka ngati choyamba. Funsaninso ngati kadzino ndi kasipuling'i kapadera zikupezeka, chifukwa mfuti zina anasiya kuzipanga ndipo kanthu kochepako kakathyoka mmisiri amafunika kusula katsopano ndi manja.

Ine m'thumba la chikwama changa mumakhala kadzino kapadera ndi kasipuling'i kake zokulungidwa m'kansalu, komanso kandodo kotsukira kolumikiza ka zidutswa zinayi, kamene ndikhoza kukamanga n'kugogoda chigoba chokakamira pasanathe mphindi imodzi. Ndipo ndikapita kosaka nguluwe ndi mfutiyi, mu mpope wa pamwamba simukhalanso zomwaza za mbalame. Mumakhala chipolopolo chimodzi chachikulu chamtovu chimene amati slug, ndipo ndinachiyesa pa mamita 50 kuti ndidziwe pomwe chimagwera.

Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse,
Mlenje wachikulire